Tinyenyezi pa Pepala la Bambo a Tadala

Lachiwiri, 4 Malichi 2025

Tabwerako kuchipatala. Matope okhaokha njira yonse yobwerera ku Chiosya. Panjinga yamoto bambo a Tadala pakati, ine kumbuyo nditawagwira m'chiuno. Apepuka. Mwamuna amene ankasenza malata khumi pamutu, lero ndimamva nthiti zake ali m'jekete.

Koma akuchira. Ndiyambe ndi zimenezi. Maso ayamba kuyera, kutentha thupi kunasiya Lachisanu, mkodzo wasiya kufiira. Masabata atatu a chikasu, ndiye lero apempha okha chimanga chootcha. Ndalira kukhitchini, chimanga chili pamoto.

A dokotala ake ndi mtsikana, pachifuwa palembedwa Takondwa. Msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa ndekha. Akuti kachilombo kanalowa ndi madzi kapena chakudya, kanatupitsa chiwindi, tsopano kakutha kokha. Apume, adye bwino, mowa ayi, tidzabwerenso pa 18 kudzatengetsa magazi ena. Anandifunsa ngati ndili ndi funso. Panja mzere mpaka pakhonde. Ndinati ndilibe. Ine Luwiza, zaka 19 ndikuphunzitsa masamu Sitandade 7, ndifunse mwana kawerengedwe ka nambala?

Pepala la ku labu analimata m'kabuku ka kuchipatala. Ndaliwerenga kasanu. Nambala iliyonse ili ndi malire ake pambali, ndipo zitatu zili ndi kanyenyezi. WBC 3.1, pofunika kuyambira 4. PLT 118, pofunika kuyambira 150. ALT 410, pofunika osapitirira 40. Ziwiri zaperewera. Yachitatuyo ndi ya chiwindi, anatiuza kale kuti itsika pang'onopang'ono.

Ziwiri zoperewerazo ndazimva. Magazi achepa. Zimenezo ndithana nazo ndekha.

Lachinayi, 6 Malichi

Masamba a mapeyala. Ndani sadziwa kuti amawonjezera magazi? Mtengo wa kuseri kwa nyumba ya ahedi, ndathyola anthete ndisanalowe m'kalasi. Kuwiritsa mpaka madzi afiire psuu. Kapu m'mawa, kapu madzulo.

Ananunkhiza n'kuti, "Mayi a Tadala, mwaphika dzimbiri la malata anga?" Kenako anamwa yonse, n'kundipatsa kapu ndi manja awiri ngati mwana wa sukulu. Bambo ameneyu!

Dzulo Lachitatu la Phulusa ndinapita ndekha kutchalitchi. Pobwera ndinawapeza ali pakhonde, akuyang'ana makheni othirira amene anawasiya osamata zigwiriro. Mwamuna wanga Fanuel osakhoma kanthu tsiku lonse si Fanuel. Kale ndinkadandaula kuti nyundo yawo imandisokoneza pochonga. Ndikubweza mawu amenewo.

Chimene sitikutchula m'nyumba muno: a Vitus, achimwene awo. 2019. Anayambanso chonchi, maso achikasu. Kenako mimba kutupa, miyendo kutupa, pofika Ogasiti tinaika maliro ku Mlonyeni. Chiwindi. Iwo akudziwa kuti ndikuganiza zimenezo, ine ndikudziwa kuti akuganiza zimenezo. Tonse tikungokamba za mvula.

Lamlungu, 9 Malichi

Afika alamu anga a Consolata, alongo awo aakulu a bambo a Tadala. Osaimba foni. Nkhuku kukhwapa, mtolo wa nzimbe, maungu anayi, ndi chikwama chosonyeza kuti munthu sabwerera mawa.

Moni asanathe: "Alamu, mlongo wanga mukumudyetsa choko?" Ndinaseka. M'kati ndimawira.

Asesanso m'nyumba momwe ndinasesa. Asuntha bedi kuti mutu usaloze kukhomo. Nzimbe akuzisenda okha, kudula timagawo, kuwapatsa m'manja, akuti chikasu chimathawa zotsekemera. Mwamuna wa zaka 47 akutafuna nzimbe atatsamira pilo, nkhope yowala. Ndikanakhala ndi mtima woipa ndikanachita nsanje. Ndachita pang'ono.

Koma ndisawanene kwambiri. Makolo atamwalira anatsala ndi alongo awo awiri aang'ono, iwo ali ndi zaka 16. Anawalera ndi ganyu wa m'maesiteti a fodya. Mmodzi anamusambitsa okha pa tsiku lomaliza. Watsala mmodziyu. Masana ndinawaona ataima pakhomo la kuchipinda, akungomuyang'ana ali m'tulo, chitenje chili kukamwa.

Zandithandizanso. Ndikhoza kupita kusukulu mtima uli m'malo. Za masamba anga sindinawauze, angayambe kundiphunzitsa kaphikidwe.

Lachitatu, 12 Malichi

A Boniface, mnzawo wa ubwana amene amaoda zitenje ku Chipata, abwera kachiwiri sabata ino. Mawu okha amafika munthu asanafike. Akakhala masiku atatu kutsidya amabwera ndi chilankhulo chakumeneko: "Mudala, uzankala chabe bwino!" Anadzitsekera kuchipinda, kuseka mpaka kutsokomola. Ndinasangalala. Ndinali nditaiwala kaphokoso ka kuseka kwawo.

Tadala anaimba kuchokera kusukulu pa foni ya a metironi. Fomu 3, mayeso ali pafupi. Ndinamuuza kuti bambo ake achira. Iwo anatenga foni n'kumufunsa za Fizikisi, chinthu chimene sachidziwa mutu wake.

Ana anga m'kalasi: maperesenti. Mutu wanga: 118, 3.1. Ndinalemba 118 pabolodi m'malo mwa 180, ana n'kundikonza.

Ndawonjezera chidede m'masamba muja. Mtundu wake wokongola.

Loweruka, 15 Malichi

Sizili bwino.

Mseru wabwerera. Phala supuni zitatu basi. Nkhuku ya alamu angonyambita msuzi. Akudzikanda mikono mpaka kutuluka mizere yoyera. Ndinawatulutsa padzuwa ndi bodza loti ndikufuna kuyanika matiresi, cholinga ndione maso. M'mphepete mwayambanso chikasu. Kapena ndi maso anga.

Akuti ali bwino. Nthawi zonse ali bwino. Tsiku limene adzadzidule chala adzati chinali chowonjezera.

Masana anandiuza kuti nditumize uthenga kwa mwini makheni aja adzatenge, akamalizitse kwina. Kenako anayamba kundiuza kuti sizasi yaikulu yodulira malata ndisadzaibwereketse, ndi ya Chijeremani. Ndinawakalipira. Ndinati sizasi yanuyo mudzaisunga nokha, ine si sitolo. A Vitus anayambanso ndi kugawa makasu.

Ndakweza: makapu atatu pa tsiku. Amwa onse osatsinya.

Ambuye, mwamuna uyu sanalakwire munthu. Ngakhale ine amene ndili ndi pakamwa chonchi sanandibwezerepo.

Lachiwiri, 18 Malichi

Kuchipatala. Magazi 8 koloko, pepala 1 koloko.

Ndinalilanda m'manja mwawo tili pakhonde la labu. WBC 5.2. PLT 196. Tinyenyezi tiwiri tachoka! Ndinatsala pang'ono kululutira. Masamba anga. Kenako maso anatsika m'munsi.

ALT 690.

Inali 410. Imayenera kutsika.

A Takondwa anayang'ana pepala nthawi yaitali. Anawagoneka, kuwasinika pamimba, kuwayang'ana m'maso. Kenako funso, mwaulemu: "Kunyumba akumwa chiyani? Chilichonse, ngakhale cha zitsamba."

Ndinati palibe. Phala ndi tiyi. Zinangotuluka. Ndimaopa kuti mwana uja andiseka, mphunzitsi wathunthu kuwiritsa masamba. Ndiponso ndimati masamba a chipatso chimene timadya angalakwe chiyani? Bambo a Tadala anangoyang'ana nsapato zawo.

Akuti tibwere pa 2 Epulo, kapena msanga akayamba kusanza, kutupa kapena kusokonezeka mutu. Ikapanda kutsika atilembera kalata ya ku Lilongwe, akaunike chiwindi. Kwa a Vitus kalata ya ku Lilongwe inali yomaliza.

Pobwerera panjinga anagwira dzanja langa n'kuliika pamimba pawo, sanalisiye mpaka pakhomo.

Lachitatu, 19 Malichi

Ndilembe.

Ndinalephera kuphunzitsa. 10 koloko ndinapempha ahedi, ndinabwerera kunyumba. Kulowa kuchipinda: alamu atagwada pambali pa bedi, kapu yaikulu ya pulasitiki ili pakamwa pa mlongo wawo. Madzi obiriwira. Fungo lake lokha lowawa. Nimu ndi alovera, ndi mizu ina ya kwawo imene dzina lake sindinalimve. Kawiri pa tsiku, kuyambira tsiku limene anafika, ine ndikangotuluka ndi mabuku.

Ndinakuwa. Sindibisa. Ndinati mukufuna kundiphera mwamuna? Iwo anadzuka bwinobwino, kumanga chitenje, n'kuti, "Nanga poto wofiira amene mumabisa kuseri kwa nkhuni uja ndi wa ndiwo?"



Tili chiyang'anizane, wodwala anatsokomola. Anati popeza zafika apa, titsegule bokosi lazitsulo. Pansi pa nyundo, botolo la lita, pepala lojambula munthu wa minofu, akuti lotsuka magazi. La a Boniface, lochokera ku Chipata. Latsala pang'ono kutha. Pambali pake mapiritsi a mutu, mapaketi atatu opanda kanthu, akuti a Boniface anati azimwa awiriawiri thupi likamaphwanya.

Anthu atatu. Aliyense mobisa, aliyense kuwauza kuti asauze enawo. Iwo kumangolandira ndi manja awiri.

Ndinawafunsa kuti mutu wanu ukuyenda? Alamu anakhala pansi n'kuyamba kulira, ine ndinatuluka kukaima pamvula.

Lachisanu, 21 Malichi

Ndinapita ndekha. M'basiketi: masamba a mapeyala, chidede, nimu, alovera, mizu, botolo, mapaketi. Ndinadikira mpaka mzere utatha. Ndinayala zonse patebulo la a Takondwa ngati wogulitsa pamsika, n'kunena kuti Lachiwiri ndinanama.

Sanaseke. Anakoka mpando. Anati, "Mayi, mwachita bwino kubwera. Tiyeni tiwerengere limodzi."

Ndilemba mmene ndamvera, ndisadzaiwale.

Magazi si chinthu chimodzi. Amene anthu timati achepa, munthu akamachita chizungulire ndi kuyera m'manja, nambala yake ndi ina, HB. Ya bambo a Tadala inali 13.6 kuyambira pa 4 paja. Yokwana. Inalibe kanyenyezi, ndiye ine sindinaiyang'ane n'komwe. Magazi awo sanachepepo.

WBC ndi asilikali olimbana ndi matenda. PLT ndi tizidutswa toumitsa magazi munthu akadzicheka. Kachilombo kakadutsa m'thupi, ziwirizi zimatsika kwa kanthawi, kenako zimabwerera zokha. Zikanakwera ngakhale ndikanawapatsa madzi a pamjigo. Apa ndinamva kutentha kumaso.

ALT imatuluka m'chiwindi chikavulala. Chiwindi ndi sefa, chilichonse chomwedwa chimadutsa momwemo. Chawo chinali chikungodzuka kumene pa matenda, ife n'kuchiunjikira ntchito ya anthu atatu. Ndinafunsa kuti chalakwa kwambiri ndi chiti. Ndimafuna anene kuti botolo. Anati sanganene, m'botolomo sadziwa muli chiyani, mapiritsi ochuluka chonchija amavutitsa chiwindi, masamba akewo palibe anayeza mlingo. Mwina chimodzi, mwina zonse pamodzi. Mwinanso matenda enieniwo anangobwerera pang'ono, zimachitika. Tidziwa tikasiya zonse.

Ndiye ndinafunsa funso lenilenilo. Ndinawauza za a Vitus. Anatsegula kabuku tsamba la mu Febuluwale n'kuloza mzere umene ndinaudumpha. Chikasu chili mitundumitundu. Ulipo mtundu umene umakhala m'thupi zaka n'kumadya chiwindi mwakachetechete. Umenewo anawayeza tsiku loyamba. Alibe. Za a Vitus sangadziwe, sanawaone, koma pepala la mng'ono wawo silikunena nkhani imeneyo.

Mwezi wathunthu ndikunyamula maliro m'mutu, yankho lili m'chikwama changa.

Potuluka anati, "Mukadzaona kanyenyezi mudzafunse, aphunzitsi. Ifenso timafunsana." Ndinathokoza mogwada pang'ono. Mwana wa eni ake analeredwa.

Lamulo: madzi owiritsa, chakudya, tulo. China chilichonse ayi.

Lamlungu, 23 Malichi

Kuwauza alamu kunali kovuta kuposa kuwauza a dokotala. Ndinawapeza akusenda maungu. Ndinakhala pansi, ndinatenga mpeni wina. Ndinayamba ndi kupepesa mawu a Lachitatu. Kenako ndinafotokoza zonse, za sefa, za mtundu umene alibe. Pamenepo anasiya mpeni. Anandifunsa katatu ngati zalembedwadi. Ndinakatenga kabuku, ndinawalozera, ngakhale sawerenga. Anagwira mzerewo ndi chala.

Anati nthawi ya a Vitus anthu anawanena kuti anachedwa kufuna mankhwala. Zaka zisanu ndi chimodzi akumva mawu amenewo. Ulendo uno analumbira kuti sachedwanso.

Tinakataya zonse kudzala, awiriwiri. Iwo anakhuthula poto wanga, ine chigubu chawo. Anati wanga umanunkha kuposa wawo. Bodza.

A Boniface anabwera titachoka ku Misa. Anamvetsera chipewa chili m'manja, Chinyanja cha ku Chipata chonse chitauluka. Anati botololo amamwanso iwo ndipo ali bwinobwino. Alamu anawayang'ana kamodzi kokha. Anapepesa.

Wodwala tamuweruza tonse atatu. Anangoti, "Ndamva, mabwana."

Lachinayi, 27 Malichi

Sabata yathunthu osamwa kanthu koma madzi. Kukanda kwachepa. Dzulo mbatata ziwiri ndi usipa. Lero afunsa ngati mtedza wa kudimba la sukulu wakhwima.

Vuto ndi ine. M'mawa ndimadzuka, miyendo imafuna kupita ku mtengo wa ahedi. Ndikawapatsa madzi oyera ndimaona ngati ndikuwanyanyala. Kungokhala, kudikira chiwindi chimene sindichiona chigwire ntchito yake, ine osathandizako. Alamu nawonso chimodzimodzi, achapa makatani amene anachapa Lolemba. Tikulonderana. Ndikalowa kukhitchini amabwera kudzafuna machesi. Akalowa kuchipinda ndimakumbukira kuti ndasiyako cholembera.

Usiku wa pa 1 Epulo sindidzagona, ndikudziwiratu. Ikakhala 700? A Takondwa sanalonjeze kanthu. Ndayamba ndaika zovala ziwiri za bambo a Tadala m'chikwama, mwina n'kupitadi ku Lilongwe. Ndabisa pansi pa mabuku ochonga.

Ndikadali wokwiya nawo pang'ono. Munthu wamkulu kumwa zowawa makapu asanu pa tsiku osanena kuti zakwana.

Lachitatu, 2 Epulo

170.

Ndilembenso. ALT 170. Kuchoka pa 690.

Kanyenyezi kakadalipo, sinafike pa 40. Ndinafunsa, ulendo uno ndinafunsa mpaka mafunso anatha. Akuti chofunika ndi kumene ikulowera, ndipo ikutsika bwino. Mwezi wamawa tidzayezenso. Nyundo ayambe pang'onopang'ono, akatopa asiye. Kalata ya ku Lilongwe palibe.

Alamu anatsala panja pa geti, akuti akuopa kulowa. Nditatuluka ndinangopukusa mutu kuti ku Lilongwe sitipita. Anandikumbatira mpaka kundipweteka. Zaka 18 ndili pabanja pano, koyamba.

Tikudikira njinga pansi pa mtengo, alamu atapita kukagula nthochi, ndinawafunsa. Modekha, osakalipa. Ndinati bambo a Tadala, simumamva kuti zikukudwalitsani?

Anati amamva. Kuyambira sabata yoyamba. Ikangotsika kapu, mseru.

Ndinati nanga bwanji osakana?

Anapukuta fumbi pabondo. Kenako: "Ine ndimadziwa kuti ndikupita kumene anapita achimwene. Ndimati mankhwala sangasinthe kanthu. Koma ndikamwa kapu yanu, inu mumakadya. Tsiku limene ndinasiyako theka, simunadye. Achemwali chimodzimodzi. Ndiye ndimati poti ndikupita, bola ndikusiyeni muli ndi mnofu."

Ine osadziwa n'komwe kuti sindimadya.

Milungu iwiri ndimayesa ndikudwazika munthu, pamene iye ndi amene amatidwazika tonse, ndi chiwindi chake chotupacho. Ndinafuna kuwamenya ndi kabuku. Ndinangowagwira khutu, pamsewu, anthu akuona.

Tsopano 5 koloko. Alamu akupha nkhuku ina, akuimba. Chikwama chija ndamasula. Bambo a Tadala ali pakhonde, akundiitana kuti ndikakhale nawo, dzuwa lisanalowe.

Ndayang'ana uku ndi uku chimene ndingawatengere. Palibe.

Ndipita chimanjamanja.